Phunziro 21: Mame a m'Lipenga

Tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu limafika pa 6 Julaye, pakati penipeni pa nyengo yachisanu. Pa tsiku limeneli, ndiponso pa masiku ena a zikondwerero, bandi ya asilikali kapena ya apolisi imaguba pabwalo, ng'oma zikugunda, malipenga akunyezimira padzuŵa. Anthu ambiri amangomvetsera nyimbo ndi kuyang'ana mapazi a oguba. Koma mwana watcheru amaona kanthu kena. Nyimbo ikangotha, woliza lipenga amaŵeramitsa lipenga lake, nakanikiza kachitsulo kamene kali kunsi kwake, nauziramo mpweya mosatulutsa mawu. Pomwepo timadontho ta madzi timagwera pansi, tho! tho! tho!

Ana ambiri akaona zimenezi amanyansidwa. "Taonani malovu!" amatero ponong'onezana. Ngakhale akuluakulu ena amaganiza chimodzimodzi, ndipo Angerezi ambiri amatchula kachitsulo kaja ndi dzina lotanthauza khomo la malovu. Koma kodi munthu angakhale ndi malovu ochuluka motero, oti n'kumataya pakutha pa nyimbo iliyonse, kukamwa kwake osauma? Nanga bwanji madziwo amachuluka m'mwezi wa Julaye koma nachepa m'mwezi wa Okotobala, woliza ali yemweyo, lipenga lili lomwelo?

Tiyambe taliona lipengalo. Mawu akuti lipenga si achilendo pakati pathu. Ku Nkhata Bay ndi ku Karonga kuli gule wotchuka wa malipenga, amene ovina ake amaguba ngati asilikali, akuimbira m'zipanda zazitali. Koma lipenga limene tikunena pano si la chipanda ayi. Ndi lachitsulo, lija limalizidwa m'bandi. Amalisula ndi mkuŵa wosanganiza ndi chitsulo china chotuŵa chotchedwa zinki, chija amakutira nacho malata ofolera nyumba kuti asachite dzimbiri. Kaŵirikaŵiri pa magawo 10 alionse, 7 amakhala a mkuŵa, 3 a zinki.

M'manja mwa woliza, lipenga limaoneka lalifupi, komatu ndi paipi yaitali yopindapinda. Mutaiongola ingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka, ngati msinkhu wa ena mwa inu. Ku mapeto amodzi kuli kachikho koikapo milomo. Ku mapeto ena paipiyo imatambalala ngati duŵa la dzungu, ndipo ndiko kumatulukira mawu. Pakati pali mavalavu 3 amene woliza amakanikiza ndi zala za dzanja lamanja. Malipenga akale adalibe mavalavu, motero sankatha kutulutsa mawu onse a m'nyimbo. M'chaka cha 1818, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel adalembetsa luso la mavalavu ku Berlin, ndipo m'chaka cha 1839 François Périnet wa ku Paris adalembetsa mtundu wa valavu umene uli pa malipenga ambiri lero. Valavu iliyonse ikakanikizidwa imatsekula njira yopatukira ku kapaipi kena kokhota ngati chigongono, ulendo wa mpweya nutalika, mawu natsika. Akatswiri ameneŵa adalemeretsa nyimbo, koma adaonjezeranso makhwaŵa mokhala madzi, monga tione patsogolopa.

Lipenga palokha lilibe mawu. Woliza amatseka milomo yake, naikanikiza pa kachikho, nauzira mpweya pakati pa milomoyo mpaka iyambe kunjenjemera. Kunjenjemera kwa milomo kumagwedeza mpweya umene uli m'paipi, ndipo kugwedezeka kumeneko ndiko timakumva ngati nyimbo. Choncho nthaŵi yonse imene lipenga likulira, mpweya wochokera m'mapapo a munthu ukuyenda m'kati mwa chitsulo. Chinsinsi cha madzi aja chagona mu mpweya umenewu.

Yesani izi. Tengani kalilole kapena sileti youma, muiyandikize kukamwa, muuzirepo pang'onopang'ono mutayasama, "haaa!" Mudzaona kuti pamene mwauzirapo pachita mbuu, ndipo mukakhudzapo ndi chala mudzamva kunyowa. Simunalavulepo, koma panyowa. Madziwo achokera kuti?

Achokera m'mapapo mwanu. Thupi la munthu wamoyo ndi lofunda madigiri 37, ndipo njira zonse zodzera mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, ndi zonyowa. Mpweya umene timakoka ukaloŵa m'menemo umafunda, numwa chinyezi mpaka kukhuta. Potuluka pakamwa umakhala wofunda madigiri 34 kapena 35, utasenza madzi ambiri amene asanduka nthunzi. Nthunzi yeniyeni sioneka ndi maso. Choyera chija timachiona pamwamba pa mphika woŵira, kapena chija chimatuluka pakamwa pathu ngati utsi m'maŵa wa mwezi wa Juni, ndi nthunzi imene yayamba kale kubwerera kukhala timadontho tating'onoting'ono.

Tsono lamulo lake ndi ili: mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri, mpweya wozizira umasunga yochepa. Tiyerekeze kuti tili ndi bokosi lotalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi, kuya kwake mita imodzinso. Bokosi lotere limaloŵa malita 1,000 a mpweya. Mpweyawo ukakhala wofunda madigiri 35, ungasunge madzi olemera pafupifupi magalamu 40. Pa madigiri 30 ungasunge magalamu 30. Pa madigiri 20 ungasunge magalamu 17, ndipo pa madigiri 10 ungasunge magalamu 9 okha. Mpweya wokhuta nthunzi ukazizira umafanana ndi munthu amene wasenza mtolo woposa mphamvu zake: amatulako nkhuni zina panjira. Nthunzi imene mpweya walephera kusunga imasanduka madzi, nikhala pa chinthu chozizira chimene yakhudza.

Zimenezi mumaziona tsiku ndi tsiku. Amayi akavundukula mphika wa ndiwo, madzi amayenderera kunsi kwa chivundikiro. Botolo la chakumwa chozizira likaikidwa patebulo limachita thukuta ngakhale lili lotseka. M'nyumba zina za malata zopanda siling'i, madzi amadontha m'mamaŵa kunja kulibe mvula. Ndipo mukamapita kusukulu podzera m'kanjira ka m'tchire, miyendo yanu imanyowa ndi mame, chifukwa usiku udzu udazizira, mpweya nutula chinyezi chake pamenepo. Madzi a m'lipenga ndi abale a mame ameneŵa. Kusiyana kwake n'kwakuti mame a paudzu amachokera ku mpweya wa kunja, pamene mame a m'lipenga amachokera ku mpweya wa m'chifuŵa cha woliza.

Chitsulo chimathandizira kwambiri. Mukagwira khasu limene lagona panja, mpini sumveka kuzizira kwenikweni, koma chitsulo chake chimachita zii m'manja. Zonse ziŵirizo zagona pa chisanu chimodzi, koma chitsulo chimalanda kufunda kwa dzanja mofulumira kuposa mtengo. Mkuŵa ndiye umaposa zitsulo zambiri pa khalidwe limeneli. Motero mpweya wofunda ukangoloŵa m'lipenga, khoma lopyapyala la paipi limaulanda kufunda kwake ndi kukupereka ku mphepo ya kunja. Mpweyawo umazizira, nutula madzi ake pakhomapo. Poyamba pamangochita mbuu ngati pa kalilole paja. Kenaka timadontho timakumana, tikule, tilemere, tiyambe kutsetsereka. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. M'lipenganso madzi amatsikira mokhota mwa pansi, naunjikana m'menemo.

Tsopano mutha kuyankha nokha funso lija la Julaye ndi Okotobala. Tiyerekeze woliza lipenga ali ku Dedza m'maŵa wozizira madigiri 10. Ngati mpweya wake utazizira mpaka kufanana ndi kunja, pa malita 1,000 alionse ungatule magalamu 31 a madzi, ndiye kuti masipuni a tiyi pafupifupi 6. Woliza yemweyo akapita ku Nsanje tsiku lotentha madigiri 30, mpweya womwewo ungatule magalamu 10 okha, masipuni 2. Kunena zoona, madzi otsalira m'lipenga amacheperapo pa chiŵerengero chimenechi, pakuti lipenga limafunda pamene likulizidwa, ndipo nthunzi ina imatulukira kutsogolo pamodzi ndi mpweya. Komabe kusiyana kwa nyengo ziŵirizi kumaonekeratu. Pa tsiku la chiperoni ku Blantyre kapena ku Thyolo, woliza amataya madzi kaŵirikaŵiri. M'chilimwe atha kuliza nyimbo zingapo asanakhudze kachitsulo kaja.

Sitikunena kuti malovu mulibiretu. Timalovu pang'ono timaloŵa ndithu, makamaka kwa wophunzira amene sanazoloŵere kugwira milomo bwino. Koma gawo lalikulu ndi mame, ndipo umboni wake ulipo. Malovu ndi onanda, pamene madzi otuluka m'lipenga losamalidwa bwino ndi opepuka, oyenderera ngati a pachitsime. Ndiponso malovu a munthu sachuluka chifukwa chakuti kunja kwazizira.

Kodi madziwo ali ndi vuto lanji? Vuto loyamba limamveka ndi makutu. Madzi akaunjikana mokhota, njira ya mpweya imachepa, ndipo mpweya umadutsa movutikira, ukukankha madziwo. Mmalo mwa mawu osalala, lipenga limayamba kubwata ngati phala pamoto. Taganizirani tsiku la mwambo waukulu, anthu onse aimirira chilili, amuna avula zipeŵa, bandi yayamba nyimbo ya fuko, kenaka lipenga lotsogolera n'kuyamba kubwata pakati pa nyimbo! Woliza aliyense amaopa manyazi otere. N'chifukwa chake mudzaona kuti amataya madzi nyimbo isanayambe, ngakhale asanamve kubwata kulikonse, ndipo pakati pa nyimbo, pamene anzake akuliza iye akupumira, amatayanso msangamsanga.

Kachitsulo kotayira madzi ndi kopangidwa mophweka. Amisiri amaboola kabowo kakang'ono kunsi kwa chigongono chachikulu cha paipi, pamene madzi amafikira. Pa kabowopo amaikapo kachitsekerero kofeŵa, kopanikizidwa ndi sipuling'i kuti mpweya usathaŵirepo. Woliza akakanikiza kachitsulo, kachitsekerero kamanyamuka. Akauzira mpweya, madzi amatuluka. Malipenga ambiri ali ndi kena kotere pa chigongono cha valavu yachitatu. Zigongono zimene zilibe kabowo amazisolola, nazikhuthula, nazibwezera. Pali chida china cha m'bandi chimene paipi yake, yotalika kuposa mamita 3, idakulungidwa mozungulira ngati nkhata. Woliza chida chimenechi nthaŵi zina amachita kuchitembenuza chonse kangapo m'manja kuti madzi apeze njira yotulukira, ndipo wosadziŵa angayese akuseŵera. Kachitsekerero kaja kakatha kapena sipuling'i ikafooka, mpweya umathaŵira pa kabowo, mawu nafooka, ndipo kanthu kochepa ngati njere ya chimanga kamalepheretsa lipenga lonse.

Chisanu chili ndi nkhani inanso. Mawu amayenda pang'onopang'ono mu mpweya wozizira kusiyana ndi mu mpweya wofunda, motero lipenga lozizira limatulutsa mawu otsikirapo pang'ono. Likafunda, mawu amakwera. Pa chifukwa chimenechi oliza odziŵa ntchito yawo amayamba auziramo mpweya wofunda kwa kanthaŵi, ena nafumbatira kachikho m'manja kapena kukasunga m'thumba, asanayambe kulinganiza mawu ndi anzawo. Kufunditsa kotereku kumachepetsako mame, koma sikungaŵathetse. Malinga ngati lipenga lili lozizira kuposa mpweya wa munthu, madzi adzakhalamo. Palibe mmisiri amene angasule lipenga lachitsulo losagwa mame, ndipo woliza amene lipenga lake likudontha sanalakwe kanthu.

Kulakwa kumayamba pamene nyimbo zatha. Woliza waulesi amangoponya lipenga m'bokosi lili lonyowa, natseka. M'kati mwa paipi muli mdima ndi chinyezi, ndipo ngati wolizayo adadya kapena kumwa zotsekemera asanalize, mulinso tizakudya. Zotsatira zake ndi ziŵiri.

Choyamba chimagwera chitsulo. Madzi okhalitsa, osanganikirana ndi asidi wochokera m'kamwa, amadya zinki pang'onopang'ono nasiya mkuŵa wokhawokha, wofumbutuka. Kunja kwa paipi kumayamba kuoneka timaŵanga tofiirira, makamaka pa chigawo choyamba, chapafupi ndi kachikho. Timaŵangato tikaoneka kunja ndiye kuti m'kati mwadyeka kale, monga nsichi imene chiswe chaimaliza m'kati khungwa lili chilili. Potsiriza paipi imabooka. Malipenga a m'bandi amachokera kunja kwa dziko lino ndipo mtengo wake ndi wokwera. Sukulu kapena mpingo umene wataya lipenga motere ungathe zaka usanapeze lina.

Chachiŵiri chimagwera munthu, ndipo n'choopsa koposa. M'malo amdima ndi onyowa mumamera nkhungu yonga ija imamera pa nsima yogonera, pamodzi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Woliza akamakoka mpweya milomo ili pafupi ndi kachikho, amakokera zina mwa zimenezi m'mapapo. M'chaka cha 2010 madokotala a ku Connecticut, m'dziko la America, adafalitsa nkhani ya munthu wina woliza chida cha mtundu wa lipenga, chija paipi yake amaikoka ndi kuikankha ndi dzanja. Munthuyo adakhala akutsokomola kwa zaka pafupifupi 15. Atayeza za m'kati mwa chida chake adapezamo nkhungu ndi tizilombo tambiri, ndipo atayamba kuchitsuka bwino ndi mankhwala opha tizilombo, chifuŵa chija chidaleka. Matenda otere sagwira oliza ambiri, koma nkhaniyi ikutionetsa kuti mame amene adaloŵa ali oyera sakhala oyera akagonera. Ndiye chifukwa chake si ulemu kutayira madzi a m'lipenga pamene anzathu akhala kapena pamkeka. M'nyumba, woliza waulemu amayala kansalu kapena pepala pansi.

Kasamalidwe kake si kovuta. Akatha kuliza, woliza atsekule timabowo tonse, auzire mpweya akukanikiza mavalavu, akhuthule zigongono, napukute kunja ndi nsalu yofeŵa. Akafika kunyumba atsekule bokosi kwa kanthaŵi kuti lipenga liume. Kachikho akatsuke kaŵirikaŵiri, ndipo asabwerekane ndi mnzake asanakatsuke. Pakapita mwezi umodzi kapena iŵiri, amasule zigongono ndi mavalavu, atsuke paipi ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma, akuloŵetsamo kaburashi ka chingwe chachitali. Madzi otentha ayi, chifukwa amasupula utoto wonyezimira wa kunja. Zonse zikauma, adontheze mafuta ake pa mavalavu, apake girizi pa zigongono, nabwezere chilichonse m'malo mwake. Valavu yoyamba ikaloŵa m'malo mwa yachitatu, mpweya sudutsa bwino ndipo lipenga limakana kulira. Ndipo asanalize, makamaka ngati wangodya kumene, ayambe wachukucha m'kamwa ndi madzi.

Mawu ofunika kuŵadziŵa

nthunzi: madzi amene asanduka mpweya
chinyezi: kunyowa kumene kuli mu mpweya kapena pa chinthu
mame: timadontho ta madzi topezeka paudzu m'maŵa
khwaŵa: malo otsika modzera madzi
kubwata: kulira kwa chinthu choŵira, monga phala
chiperoni: mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza, yoomba m'nyengo yachisanu

Mafunso

1. Kodi lipenga la m'bandi amalisula ndi zitsulo ziti?
2. Fotokozani m'mene woliza amatulutsira mawu m'lipenga.
3. Madzi ambiri a m'lipenga amachokera kuti? Perekani umboni uŵiri wosonyeza kuti si malovu.
4. Chifukwa chiyani madziwo amachuluka ku Dedza m'mwezi wa Julaye kuposa ku Nsanje m'mwezi wa Okotobala?
5. Mpweya wokhuta nthunzi wokwana malita 1,000 wazizira kuchoka pa madigiri 35 kufika pa madigiri 20. Watula magalamu angati a madzi?
6. Tchulani zovuta ziŵiri zimene zimadza lipenga likasungidwa lili lonyowa.
7. Mwambi wakuti "madzi saiŵala khwaŵa" wagwiritsidwa ntchito motani m'nkhaniyi? Nanga akuluakulu amaunena pa nkhani zotani?

Zochita

(a) Tengani masipuni aŵiri achitsulo. Imodzi muiviike m'madzi ozizira, ina m'madzi ofunda. Muzipukute zonse ziŵiri mpaka ziume, kenaka muuzire mpweya pa iliyonse. Lembani m'makope mwanu zimene mwaona, ndipo mufotokoze chifukwa chake.

(b) Pezani aneni 5 m'ndime imene ikuyamba ndi mawu akuti "Kasamalidwe kake si kovuta," ndipo mupange chiganizo chanuchanu ndi mneni aliyense.

(c) M'nkhaniyi muli mawu akuti "mbuu", "zii" ndi "tho". Lembani mawu ena 3 a mtundu womwewu amene timanena pofotokoza za madzi.

(d) Mng'ono wanu waona woliza lipenga akutaya madzi ndipo wanyansidwa. Lembani ndime imodzi yomufotokozera zimene waonazo.